Nyenyezi ndi hashi: mbili ya tumanambala tomwe timalamula nato netiweki

Pa Mande ina m'nyengo ya mvula tinali ndi pulogilamu ya alimi ya m'mawa pa wailesi pomwe ndimathandizako. Nkhani inali ya mbozi zomwe zinali kudya cimanga, ndipo mlangizi wa zaulimi anacita kubwela pa njinga yamoto m'matope kuti adzayankhe mafunso a anthu. Mphindi 40 zinatha, foni ya mu situdiyo siinalile ngakhale kamodzi. Amene munakhalapo kumbuyo kwa maikolofoni mudziwa manyazi ake. Ulengeza nambala kasanu, mlendo ayang'ana foni, iwe uyang'ana mlendo, kenaka uika nyimbo.

Tinaganiza kuti foni yafa. Tinacotsa simu ndi kuiika mu foni ina, koma zinali cimodzimodzi: ife tikatuma inali kupita bwinobwino, munthu akatituma sinali kulila. Pa msika omvela anali kutidandaulila kuti "foni yanu ndi yozima masiku onse". Pa Citatu ndinapita nayo pa buthu ya mobile money, kwa mtsikana wina amene anthu amamudalila pa za mafoni. Anangoti, "Akulu, bweletsani ndione." Anatinika *#21# ndipo pa sikilini panatuluka nambala ya mnzathu wina wa pa wailesi. Kenaka anatinika ##002#, n'kundibwezela foni. Ndisanafike ndi pa msewu pomwe, inalila.

Zinapezeka kuti mnzathuyo pa Ciwelu anali ku bwalo la mpila, ndipo anapatutsila mafoni onse a situdiyo ku foni yake kuti omvela azimupeza komweko. Madzulo ake anamva uthenga wa malilo, anathamangila kumudzi, foni inatha moto, ndipo anaiwala kubweza. Palibe anamukwiyila. Cimene cinandivutitsa ine ndi cina: n'cifukwa ciani kusintha foni sikunathandize? Yankho lake linanditengela kumbuyo zaka zoposa 100.

Kale, kuti foni yako ifike kwa mnzako, panali munthu pakati. Makina oyamba olumikizila mafoni a anthu wamba anatsegulidwa ku New Haven, ku America, mu January 1878, ndipo anali ndi makasitomala 21 cabe. Unali kuzunguza kamkono ka foni, wogwila nchito pa makinawo akuyankha, iwe uchula munthu amene ufuna, iye atenga cingwe n'kucilowetsa pa kabowo ka munthuyo. Poyamba nchitoyi anali kupatsa anyamata, koma anali amwano ndi ocita ceza ndi makasitomala, conco makampani anayamba kulemba akazi. Woyamba anali Emma Nutt, ku Boston, caka comweco ca 1878. Kuno kwathu makina otele anaikidwa koyamba ku Livingstone mu 1913, nthawi imene tauniyo inali likulu la Northern Rhodesia, ndipo anali m'manja mwa a positi.

Taganizilani zimene mayi wa pa makinawo anali kudziwa. Anali kudziwa kuti dokotala sali kunyumba, ali ku cipatala, ndipo anali kukupatutsila komweko. Anali kudziwa kuti laini ya sitolo ili ndi munthu, n'kukuuza kuti dikila pang'ono. Bwana akamuuza kuti masana ano musandipatse foni iliyonse, anali kumvela. Zonse zimene lelo timazipeza mu menyu ya foni, kupatutsa, kudikilitsa, kuchinga, zinali m'mutu mwa munthu mmodzi. Ambuya anga amene anagwila nchito ku migodi anali kusimba kuti kutuma lamya yakutali unali kucita kulembetsa, n'kukhala pa benci kudikila kuti laini ipezeke. Anthu ambili a kuno kum'mawa analibe nazo nchito zimenezo. Uthenga wa malilo unali kupita pa telegalamu kapena pa kalata yopatsila munthu wokwela basi ya ku Fort Jameson.

Munthu akakhala pakati, amakhalanso ndi mphamvu yokondela. Ku Kansas City kunali bambo wina wogulitsa mabokosi ndi kukonza malilo, dzina lake Almon Strowger. Nkhani imene imasimbidwa imati iye anali kukhulupilila kuti wogwila nchito pa makina a mafoni anali kupatutsila makasitomala ake kwa mnzake wopikisana naye pa malonda. M'malo mokadandaula, anapanga makina oti foni izidzisankhila yokha laini malinga ndi manambala amene munthu watumiza. Analandila cikalata ca umwini wa makinawo mu 1891, ndipo mu 1892 anayamba kusewenza m'tauni ya La Porte, ku Indiana. Zimandiseketsa ndikaganiza kuti mbili yonse yotinika manambala inayamba ndi munthu wa malilo amene mafoni ake anali kupita kolakwika, ndipo ifenso athu anasocela cifukwa ca malilo.

Makina a Strowger ndi ena amene anabwela pambuyo pake anali acitsulo, oyenda ndi tumagiya ndi magineti. Anali kudziwa cinthu cimodzi: kulumikiza nambala iyi ndi iyo. Nzelu zonse za mayi uja zinatayika kwa zaka zambili. Zinabwelanso pamene kompyuta inalowa m'nyumba ya mafoni. Mu 1965 kampani ya Bell inatsegula makina ochedwa 1ESS ku Succasunna, ku New Jersey, amene anali kuyendetsedwa ndi pulogilamu ndipo anali ndi pokumbukila. Makina okumbukila ungawauze kuti "za nambala iyi uzipeleka uko", ndipo adzasunga mau ako mpaka utawauza zina.

Koma uwauza bwanji? Mafoni a mabatani anayamba kugulitsidwa mu November 1963 ku Pennsylvania, ndipo anali ndi mabatani 10 cabe, kuyambila 0 mpaka 9. Batani lililonse linali kutulutsa kamvekedwe kake, ka mau awili osakanikilana, kamene makina anali kuzindikila. Mu 1968 anaonjezako mabatani awili, nyenyezi ndi hashi, uku ndi uku kwa zilo. Nchito yake inali yosiyanitsa nambala ya munthu ndi lamulo lopita kwa makina. Ukayamba ndi nyenyezi, makina adziwa kuti sufuna kukamba ndi munthu, ufuna kukamba ndi iwo. Mpaka lelo ku America amatinika *72 kuti apatutse mafoni ndi *67 kuti abise nambala yao.

Manambala amene ife timasewenzetsa ndi a ku Ulaya. Mu 1982 maiko a kumeneko anakhazikitsa gulu lochedwa Groupe Spécial Mobile kuti lipange njila imodzi ya mafoni a m'manja, munthu asamavutike akaoloka malile. Apa ndi pamene panacokela dzina la GSM. Foni yoyamba ya mtunduwu inatumidwa pa 1 July 1991 ku Finland ndi Harri Holkeri, amene anakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo. Akatswili amenewo analemba cilankhulo cathunthu ca nyenyezi ndi hashi, ndipo cili ndi galamala yake yosavuta. Nyenyezi imodzi kutsogolo ndi kuyatsa, hashi imodzi ndi kuzimitsa, nyenyezi ziwili ndi kulembetsa nambala yatsopano, mahashi awili ndi kufafaniza, nyenyezi yotsatana ndi hashi ndi kufunsa. Pakati pamabwela nambala ya nchito yomwe ufuna. 21 ndi kupatutsa mafoni onse, 67 ndi pamene uli pa laini, 61 ndi pamene sunayankhe, 62 ndi pamene foni yazima kapena palibe netiweki, 43 ndi kudikilitsa foni yaciwili, 002 ndi kupatutsa kwa mitundu yonse pamodzi. Conco zimene mtsikana wa pa buthu anacita zinali ziganizo ziwili. Coyamba: kodi mafoni onse a nambala iyi akupita kwina? Caciwili: fafaniza kupatutsa kulikonse.

Palinso kena kamene ndimakakonda. Ukatinika **61*, nambala, kenaka **20#, ndiye kuti wauza netiweki kuti foni ilile masekondi 20 isanapatuke, ndipo ungasankhe kuyambila 5 mpaka 30. Amayi anga foni amaisunga mu kacikwama komanga m'ciuno mkati mwa citenje, ndipo akamaimasula imakhala itaduka kale kupita ku voicemail. Ndinawaikila 30.

Tsopano yankho la funso langa lija. Lamulo ukalitinika silikhala mu foni. Limakwela pa tawa, n'kudutsa pa makina oyang'anila matawa angapo, n'kukafika pa kompyuta yaikulu ya kampani imene imasunga kaundula wa masimu onse. Akatswili amaicha HLR. M'kaundulamo, pafupi ndi nambala yako, m'molembedwa dela lomwe foni yako inaonekela komaliza, nchito zimene waloledwa, ndi kumene mafoni ako ayenela kupita. Munthu akakutuma, netiweki imayamba yafunsa kaundulayo isanayese kukupeza. Ukapeza kuti walembedwa "peleka kwina", foni yako siimva kanthu ngakhale itakhala yatsopano ya m'bokosi. Menyu ija ya Call divert kapena Call forwarding imene ili mu Settings ndi covala cabe: ukasankha, foni imatumiza lamulo lomwelo m'malo mwako. Pa manambala odziwika, *#06# ndi imene siicoka mu foni, cifukwa imangoonetsa nambala ya IMEI ya cipangizoco. Ilembeni penapake, idzafunika tsiku limene foni idzabedwa.

Nawonso mainjiniya a makampani amalankhula ndi makinawa m'njila yofananako, kungoti ali ndi makiyi aakulu. Pa kompyuta yao ali ndi menyu ndi mau acidule olamulila matawa ndi malaini. Pa zipangizo za Huawei, mwacitsanzo, lamulo loyamba ndi DSP limaonetsa mmene cinthu cilili, MOD limasintha, BLK limatseka. Munthu atakhala mu ofesi ku Lusaka angathe kutseka mbali imodzi ya tawa ya ku Sinda kuti ikonzedwe, osaponda matope athu. Ndi mayi wa ku Livingstone uja ndithu, wangosiya zingwe.

Kuno zonsezi zinafika mocedwa, kenaka zinafika nthawi imodzi. Kucokela mu 1975 mafoni ndi makalata zinali pansi pa PTC. Malaini a m'nyumba sanafike ndi 100,000 pomwe m'dziko lonse, ndipo kuno kum'mawa unali kuwapeza pa boma, ku mishoni, ku cipatala monga St Francis, ndi m'masitolo owelengeka. Mu 1994 PTC inagawidwa pawili, Zamtel ndi Zampost, ndipo panakhazikitsidwa bungwe loyang'anila za kulumikizana limene mu 2009 linasanduka ZICTA. Telecel inayamba mu 1997, Zamcell mu 1998. Zamcell ndi imene inadzakhala Celtel ya Mo Ibrahim, kenaka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Telecel inagulidwa ndi MTN mu 2005. Zamtel nayo inabweletsa Cell Z, ndipo inapita m'manja mwa LAP Green ya ku Libya mu 2010, boma n'kuitenganso mu January 2012. Inu obadwa cha m'ma 2000 mwina maina ena apa simunawamvepo, koma pitani m'misika ya m'mbali mwa Great East Road, mudzapeza makoma a masitolo amene utoto wa kampani ina ukuonekelabe pansi pa utoto wa inzake.

Cimene cinatsegula citseko kwa anthu wamba ndi khadi yopala. Kale kuti ukhale ndi foni unafunika adilesi ndi bilu ya pa mwezi. Ndi khadi, unali kugula tokotaimu ya ndalama zomwe uli nazo, kupala ndi kobili, kutinika nyenyezi, manambala, hashi. Apa ndi pamene Mzambia wamba anaphunzila galamala ya akatswili a ku Ulaya popanda womuphunzitsa. Agogo amene sanapite ku sukulu anali kudziwa kufunsa balansi pa Nokia 1100, ataimilila pa culu cimene mudzi wonse unali kudziwa kuti ndi pomwe pamagwila netiweki. Matawa anadzaonjezeka pambuyo pake, makamaka pamene boma mu 2017 linayamba nchito yomanga matawa 1,009 ndi Zamtel ndi Huawei.

Manambala a balansi ndi a khadi ndi a mtundu wina, wochedwa USSD. Olemba malamulo a GSM anasiya mpata woti kampani iliyonse izipanga malamulo akeake, amene foni siifunika kuwamvetsa. Iyo imangonyamula uthenga, wosapitilila zilembo 182, n'kuupeleka ku kompyuta ya kampani, ndipo yankho limabwela pomwepo laini ikali yotsegula. N'cifukwa cake menyu ya mobile money imaduka ukacedwa kusankha. Sifuna bando, sifuna intaneti, imayenda pa kafoni ka mabatani ndi kanetiweki ka mzele umodzi. Olemba aja anauona ngati mpata waung'ono wapambali, koma mu Africa ndi umene unasanduka msewu waukulu.

Ku South Africa, mnyamata wina wogwila nchito ku Vodacom, Nkosana Makate, mu 2000 anapeleka ganizo loti munthu wopanda tokotaimu azitha kutumiza uthenga waulele wopempha mnzake kuti amutume. Please Call Me inayamba mu 2001. Ife tinali kale ndi njila yathu, kupeja: ulilitsa kamodzi n'kudula, ndipo tanthauzo lake munagwilizana kale, kamodzi ndafika, kawili nditume. Makate anakokana ndi kampaniyo m'makhoti zaka zambili, ndipo mu April 2016 khoti lalikulu la malamulo a dzikolo linagamula kuti ayenela kulipidwa. Kampani inachula 47 miliyoni rand, iye anakana kuti ndi zocepa, mlandu n'kupitilila. Ndalama zonsezo cifukwa ca kalamulo ka nyenyezi ndi hashi.

Pa ndalama za pa foni anthu amachula M-Pesa ya ku Kenya ya mu 2007, ndipo n'zoona kuti ndi imene inagwedeza dziko. Koma kuno Celpay inali itayamba kale mu 2002, ngakhale kuti inathela kwambili pa makampani olipilana okhaokha. Mabuthu amene adzaza pa Katete Stores ndi pa Sinda anabwela Airtel Money ndi MTN Mobile Money zitayamba chakumayambililo kwa zaka za m'ma 2010. Kampani iliyonse inali ndi manambala ake, mpaka anawafananitsa, ndipo tsopano *114# ndi balansi, *115# ndi ndalama. Manambala amenewa sanangotoledwa. Mu malamulo a GSM, oyambila pa 100 mpaka 149 anasungidwila netiweki ya kwanu, kutanthauza kuti ngakhale uli pa tawa ya dziko lina, lamulolo liyenela kutumizidwa kunyumba.

Nkhani ya tawa ya dziko lina si yongowelenga kwa ife. Ku Vubwi, kapena ku Chanida, foni imatha kulumphila pa netiweki ya ku Malawi kapena ya ku Mozambique uli m'munda mwako, n'kulandila uthenga wokulonjela m'dziko limene sunapitemo. Anthu a kumeneko anaphunzila kale kulowa mu menyu, kucotsa Automatic n'kusankha okha netiweki. Pa Kulamba, kumapeto kwa August, pamene Acewa a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, mudzaona alendo atanyamula masimu awili kapena atatu okulunga mu kapepala, ndi anyamata ocita malonda ongowakonzela mafoni. Amene analemba malamulo aja anali kuganiza za wamalonda wocoka ku Paris kupita ku Frankfurt. Sanaganizeko za banja limene munda uli dziko lina, cigayo dziko lina.

Mphamvu imene inali ndi mayi wa pa makina tsopano ili m'zala za aliyense, ndipo akuba nawonso adziwa. Pali mphekesela imene imazungulila pa WhatsApp ndi TikTok yoti ukatinika *#21# udzadziwa ngati boma kapena cibwenzi cako cikumvetsela mafoni ako. Si zoona. Nambalayo imangokuuza ngati mafoni ako apatutsidwa, basi. Ena amatinika *#62#, aona nambala yacilendo, mtima n'kuyamba kugunda, pamene kawilikawili imeneyo imakhala ya voicemail ya kampani yao. Ndinaonapo cibwenzi cikugwedezeka pa nkhani imeneyi.

Coopsa ceniceni n'cina. Munthu akutuma, akuti ndi wa ku kampani, kapena akuti wapambana mphoto, ndipo akuuza kuti utinike **21* kapena **67* motsatana ndi nambala ina yake ndi hashi. Ukatelo wamupatsa mafoni ako ndi manja ako. Iye amalowetsa nambala yako pa WhatsApp mu foni yake, n'kusankha kuti nambala yotsimikizila ibwele pa kumutuma osati pa meseji. Foniyo imapatukila kwa iye, akaunti yako yapita, ndipo madzulo omwewo abale ako ayamba kulandila mauthenga oti uli m'cipatala, atumize ndalama. Kulembetsa masimu, kumene kunatsekedwa chakumayambililo kwa 2014, kunali ndi colinga cocepetsa zotele, koma wakuba amapezabe simu ya dzina la wina. Ine ndimaona kuti makampani akanayenela kucita zambili pophunzitsa anthu galamala imeneyi mu Cinyanja. Menyu zambili zikali mu Cizungu, ndipo munthu amaloweza "1, 2, 1" osadziwa cimene wavomela. Tsiku limene asintha dongosolo la menyu, ndalama zimapita kolakwika.

Pa wailesi pathu tinayambako pang'ono. Kumapeto kwa pulogilamu ya acinyamata timatenga nambala imodzi n'kuimasulila, ndipo mafunso amabwela ambili kuposa a nyimbo. Mu situdiyo, pamwamba pa mikisa, tinamata kapepala kolembedwa ndi maka: *#21# musanayambe, ##002# mukabwela kunja. Mlangizi uja tinamupempha kuti abwelenso Mande yotsatila, ndipo anavomela titamulonjeza mafuta a njinga. Foni inalila tisanamalize ndi malonje omwe. Anali bambo wina wa kufupi ndi Chassa, ndipo asanafunse za mbozi anayamba watikalipila kuti sabata yatha anaononga tokotaimu yake potituma kasanu ndi kawili.